Kuapulaya koleji ku America: fomu ija ndi yomaliza, ntchito imayamba kale

Anthu ambiri akamva zoti mwana wa high school ku America akuapulaya koleji amaganiza kuti ndi nkhani yongokhala pa kompyuta Loweruka limodzi, kulemba dzina, kuika magiredi, kudina batani basi zatheka. Ayi ndithu. Fomu ija ndi kachidutswa komaliza chabe ka ntchito yomwe imayamba mwana ali giredi 9, ndipo ambiri omwe amagwira njakata mu Epulo mayankho a makoleji akabwera sikuti analemba fomu molakwika, koma anasankha makoleji mosaganiza bwino kapena nkhani ya ndalama anaisiya kuti tidzaiona kutsogolo.

Choyamba kudziwa ndi chakuti ku America kulibe bungwe limodzi lomwe limatenga zotsatira za mayeso nkumagawa ana kuti iwe pita uku iwe pita uko. Koleji iliyonse imasankha yokha, ndi malamulo ake, masiku ake, olo mafunso ake. Mwana mmodzi atha kutengedwa ndi makoleji asanu nthawi imodzi, mnzake wa magiredi ofanana osatengedwa olo ndi imodzi, chifukwa choti anaponya mbedza zake zonse pa dziwe limodzi lomwe aliyense akuwedzapo. Komanso mawu oti koleji ndi yunivesite kumeneko amangowasakaniza, mwana wopita ku Harvard University amanenabe kuti akupita ku koleji, nde musasokonezeke.

High school yawo ndi ya zaka zinayi, giredi 9 mpaka 12, ndipo chaka chilichonse chili ndi dzina lake: freshman, sophomore, junior, senior. Kuapulaya kumachitika kumayambiriro kwa giredi 12, kutanthauza kuti koleji ikamayang'ana pepala la magiredi lomwe amati transcript imaona kwambiri zaka zitatu zoyambazo, makamaka giredi 11 chifukwa ndi chaka chomaliza chomwe chili ndi magiredi athunthu. Magiredi onsewo amawaphatikiza kukhala nambala imodzi yotchedwa GPA, nthawi zambiri pa sikelo yofika 4.0. Koma makoleji ovuta kulowa saona nambala yokhayo ayi, amafunsanso kuti kodi mwanayu anatenga maphunziro olimba kapena ankangosankha ofewa kuti GPA ioneke yonona? Apa mpamene pamabwera makalasi a AP, maphunziro olimba a mulingo wa koleji ophunzitsidwa ku high school, omwe mayeso ake amayendetsa a bungwe la College Board ndipo amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5, kapena pulogalamu ina ya maphunziro olimba yotchedwa IB. Sukulu imatumizanso kapepala kofotokoza za iyo mwini, kuti timaphunzitsa zakuti zakuti, ana athu amakhoza chonchi, cholinga choti mwana wa sukulu yopanda makalasi a AP asaweruzidwe ngati anachita kuwathawa. Mfundo imeneyi ine ndimaikonda, amakuyeza ndi zomwe unali nazo pafupi.

Za mayeso olowera koleji a SAT ndi ACT zasinthasintha kwambiri zaka zapitazi mpaka makolo ena anangosokonezeka. SAT malikisi ake amayambira 400 kufika 1600, ACT amayambira 1 kufika 36, ndipo makoleji amalandira iliyonse mwa ziwirizi, palibe chifukwa cholembera zonse pokhapokha ngati ukufuna kuona komwe umakhoza bwino. SAT pano imalembedwa pa kompyuta, kunja kwa America inayamba chonchi mu 2023, mkati mwa America mu 2024, ndipo imatenga maola awiri ndi mphindi pang'ono. Nthawi ya Covid mu 2020 malo olembera mayeso atatsekedwa, makoleji ambiri anati kutumiza malikisi ndi kufuna kwako. Kenako ena anabwerera m'mbuyo, MIT inayambiranso kufuna mayeso mu 2022, ndipo mu 2024 Dartmouth, Brown, Yale ndi Harvard nawonso analengeza zobwezeretsa lamuloli, ngakhale Yale nthawi imeneyo inati izilolanso zotsatira za AP kapena IB m'malo mwake. Pomwe University of California inapita mbali ina, siyang'ana nkomwe SAT kapena ACT posankha ana olo utumize. Nde palibe yankho limodzi apa, uyenera kulowa pa webusaiti ya koleji iliyonse chaka chomwe ukuapulayacho nkuwerenga wekha, osadalira zomwe anachita achimwene ako zaka zinayi zapitazo.

Tsopano nkhani ya mndandanda wa makoleji, yomwe kwa ine ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mayina omwe amamveka dziko lonse, Harvard, Stanford, Princeton, MIT ndi anzawo, amatenga ana ochepa zedi, Harvard zaka zaposachedwa yakhala ikutenga atatu kapena anayi okha pa ana 100 alionse oapulaya. Ndipo ambiri mwa okanidwawo si mbuli ayi, ndi ana oti ku sukulu kwawo anali nambala wani, kungoti malo ndi ochepa. Koma makoleji otere ndi kagulu kakang'ono, America ili ndi makoleji masauzande ndipo ambiri mwa iwo amatenga oposa theka la omwe aapulaya. Nchifukwa chake alangizi amauza ana kuti agawe mndandanda patatu: reach, malo oti kulowa nkovuta olo uli wanzeru, target, malo oti magiredi ako akufanana ndi a ana omwe amatengedwa kumeneko, ndi safety kapena likely, malo oti pafupifupi sangakukane. Vuto lomwe limachitika kawirikawiri ndi loti mwana amatha miyezi akulota za reach, safety nkungoiponya pa mndandanda usiku womaliza osaiwerenga nkomwe, kenako mu Epulo ndi yokhayo yomwe yamutenga ndipo sakuifuna, kapena akuifuna koma fizi yake banja silingakwanitse. Safety yoti simungailipire si safety. Palinso ma community college a zaka ziwiri omwe ambiri amalandira aliyense womaliza high school ndipo ndi otsikirako mtengo, ukamaliza nkusamukira ku yunivesite ya zaka zinayi, anthu ena amaidelera njirayi koma yaphunzitsa anthu ambirimbiri.

Fomu yeniyeniyo, ambiri amagwiritsa ntchito Common App. Inayamba mu 1975 ndi makoleji 15 okha, pano ili ndi oposa 1,000, ndipo ubwino wake ndi woti umalemba zambiri zako kamodzi nkutumiza ku makoleji mpaka 20. Imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse. Koma si onse ali mmenemo, MIT ili ndi fomu yakeyake, University of California ilinso ndi yake imodzi yomwe imagwira ntchito ku makampasi ake onse ngati Berkeley ndi UCLA, ndipo imatseka kumapeto kwa Novembala, tsiku lozolowereka ndi 30 Novembala. Mu Common App muli gawo lolemba zochita za kunja kwa kalasi, malo 10 okha, ndipo chilichonse uchifotokoze ndi zilembo zosapitirira 150, zilembo osati mawu, nde palibe zoyamba ndi malonje. Ana ambiri amaganiza kuti mmenemu mumalowa zokhazokha za makalabu ndi masewero, koma ganyu yomwe umagwira ukaweruka, kulera azing'ono ako makolo ali ku ntchito, kusamalira agogo odwala, zonsezo zimalembedwa ndipo zimawerengedwa. Komanso sikuti ukadzaza malo onse 10 ndiye wapambana, zinthu ziwiri zitatu zomwe wazigwira zaka zingapo mpaka kufika potsogolera anzako zimalemera kuposa makalabu khumi olowa giredi 12 itayamba kale, owerenga mafomuwa amaona masauzande ndipo zoterezi amazizindikira msanga.

Kenako essay. Iyi ndi imene imasowetsa ana tulo. Ya Common App imakhala mawu 250 mpaka 650, pali mitu isanu ndi iwiri yosankhapo ndipo umodzi mwa iyo umangoti lemba chilichonse chomwe ukufuna. Cholinga chake si kuonetsa kuti umadziwa Chingerezi chapatali, komanso si kubwereza zomwe zili kale pa transcript. Owerenga ali kale ndi manambala ako, chomwe akusowa ndi kumva mmene umaganizira, kuti ukadzakhala nawo pa kampasi udzakhala munthu wotani. Essay yabwino nthawi zambiri imagwira kanthu kakang'ono, tsiku limodzi, chizolowezi chimodzi, funso limodzi lomwe limakuvutitsa, nkulikumba mozama, osati kuyamba ndi tsiku lobadwa mpaka lero. Ndipo sikuti uyenera kukhala ndi mbiri yomvetsa chisoni, ana ena amachita kufufuza tsoka m'moyo mwawo poganiza kuti misozi ndi imene imagula malo, pomwe owerenga akufuna kuona zomwe unachita nazo zomwe unakumana nazozo. Kupatsa aphunzitsi kapena makolo kuti awerenge nkwabwino, koma ikadutsa m'manja ambiri imayamba kumveka ngati yalembedwa ndi bambo wa zaka 50, ndipo ikalembedwa ndi ChatGPT imatuluka yosalala bwino koma yopanda mwini wake. Pomaliza fomu umatsimikiza kuti zonse ndi ntchito yako, nde kunama apa ndi nkhani yoti atha kukulanda malo.

Chomwe ambiri sachiwerengera ndi ma essay owonjezera. Koleji iliyonse itha kufunsa mafunso akeake, lotchuka ndi loti chifukwa chani ukufuna kubwera kuno, ndipo ukangolemba kuti sukulu yanu ndi yotchuka ili ndi aphunzitsi abwino, yankho loti utha kungosintha dzina nkutumiza kwina, amadziwa. Amafuna utchule kosi yeniyeni, pulogalamu yeniyeni, chinthu choti chili kumeneko basi. University of California imapereka mafunso asanu ndi atatu, uyankhe anayi, lililonse mawu osapitirira 350. University of Chicago imadziwika ndi mafunso achilendo oti umayamba wadabwa kaye. Nde tangowerengerani, makoleji 12, iliyonse tima essay tiwiri kapena titatu, ndi zolemba 24 mpaka 36 pa nthawi yomwe ukuphunziranso giredi 12. Apa mpomwe ana omwe anayamba kulemba nthawi ya holide ya Julayi ndi Ogasiti amapumako bwino. Mu Juni 2023 khoti lalikulu la America linagamula pa mlandu wa Students for Fair Admissions wotsutsana ndi Harvard komanso University of North Carolina kuti makoleji asamagwiritse ntchito mtundu wa munthu posankha ana, koma chigamulocho chinasiya mpata woti mwana atha kulemba mmene nkhani ya mtundu yakhudzira moyo wake, nde makoleji angapo anasintha mafunso awo kuti azifunsa za komwe munthu wachokera ndi zomwe wadutsamo.

Makalata okuchitira umboni amachokera kwa mlangizi wa pa sukulu yemwe amati counselor, ndi aphunzitsi mmodzi kapena awiri, makamaka omwe anakuphunzitsa giredi 11. Apempheni msanga, giredi 11 isanathe ngati nkotheka, chifukwa mphunzitsi wokondedwa amapemphedwa ndi ana ambiri ndipo kalata yolemba mothamanga imaoneka. Sankhani yemwe amakudziwani, olo munavutika mu kalasi mwake, osati wongokupatsani A koma sakukumbukira nkhope yanu. Pa fomu pali funso la lamulo la FERPA loti kodi ukusiya ufulu wodzawerenga makalatawo, ambiri amavomera chifukwa makoleji amakhulupirira kwambiri kalata yomwe mwana sanaione.

Masiku otsekera ndi pomwe pali misampha. Early Decision nthawi zambiri imatseka pa 1 kapena 15 Novembala, yankho limabwera pakati pa Disembala, koma ndi lonjezo lomanga: mwana, kholo ndi counselor amasaina kuti akakutenga upita, ndipo mafomu omwe unatumiza kwina uwachotse. Utha kuapulaya Early Decision ku koleji imodzi yokha pa nthawi imodzi. Chiwerengero cha otengedwa pa njirayi chimakhala chokwererapo m'makoleji ambiri, ndipo chifukwa chake nchosavuta kumva, koleji imakonda mwana yemwe ikudziwa kuti abweradi, komanso mgulu lomweli mumakhala osewera masewero omwe makochi anawasankha kale, nde manambalawo amanamizako pang'ono. Kuipa kwake nkoti sungafananize thandizo la ndalama la makoleji osiyanasiyana, umalandira zomwe wapatsidwa, ngakhale amalola kutuluka ngati thandizolo silikukwanadi. Nchifukwa chake anthu ambiri amadandaula kuti njirayi imakomera mabanja opeza bwino, ndipo ine ndikuona kuti akunena zoona. Early Action masiku ake ndi omwewo koma siimanga, umadziwa msanga nkudikirabe mpaka Meyi. Harvard, Yale, Princeton ndi Stanford ali ndi mtundu wina wa Early Action woletsa kuapulaya msanga ku makoleji ena omwe si aboma. Regular Decision imatseka kumayambiriro mpaka pakati pa Januwale, mayankho kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Ndipo ena amachita rolling, kuwerenga mafomu mmene akufikira, kumeneko wofika mochedwa amapeza malo ndi ndalama zatha olo tsiku lotsekera lisanakwane.

Ndalama tsopano. Kutumiza fomu kokha makoleji ambiri amalipiritsa madola 50 mpaka 90, kuchulukitsa ndi makoleji khumi ndi ndalama ndithu, koma mabanja ovutika atha kupempha kuti asalipire kudzera mu Common App momwemo ndipo kupempha kumeneku sikuchotsera mwana mwayi. Fizi yeniyeni ndi yoopsa ukangoiona, makoleji ena omwe si aboma mtengo wa chaka chimodzi kuphatikiza malo ogona ndi chakudya wadutsa madola 90,000. Koma mtengo wolembedwawo ambiri salipira wonse, ndipo chodabwitsa nchoti koleji yodula kwambiri yomwe ili ndi chuma chambiri itha kutuluka yotchipa kwa mwana wosauka kuposa yunivesite ya boma. Lamulo limakakamiza makoleji kuika pa webusaiti yawo chowerengera chotchedwa net price calculator, mumalowetsa ndalama zomwe banja limapeza nkukupatsani chithunzi cha zomwe mungalipire, ndipo ichi chiyenera kuchitika mndandanda usanamalizidwe, osati kalata itabwera kale. Mayunivesite aboma amalipiritsanso mosiyana, mwana wa mu state (chigawo cha America) momwe muli yunivesiteyo amalipira zochepa kuposa wochokera ku state ina.

Nzika za America ndi ena ololedwa amalemba FAFSA, fomu yaulere ya boma yopemphera thandizo la ndalama yomwe nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ngakhale ya 2024-25 inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala 2023 atasintha dongosolo lonse ndipo chaka chimenecho kunali chipwirikiti. Ndi imene imatsegula khomo la Pell Grant (ndalama ya boma yosabweza), ngongole za boma ndi ganyu za pa kampasi. Makoleji ambiri omwe si aboma amafunanso CSS Profile ya College Board, yomwe imafunsa mozama kwambiri, mpaka za nyumba ndi bizinesi ya banja. Kalata ya thandizo ikabwera iwerengeni ndi maso awiri, chifukwa ena amasakaniza grant, ndalama yosabweza, ndi ngongole pa mzere umodzi ngati zonse ndi mphatso.

Kwa mwana wochokera kunja kwa America nkhani imalimbirako. FAFSA si yake, ndipo makoleji ambiri amayang'ana ngati angathe kulipira asanamutenge. Ndi ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, omwe sayang'ana thumba la mwana wakunja posankha komanso amalonjeza kukwaniritsa zomwe akusowa, koma amenewonso ndi omwe kulowa kwake nkovuta kuposa onse. Pamafunikanso mayeso a Chingerezi ngati TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test kutengera koleji, ndipo akatengedwa pamabwera fomu ya I-20 yomwe imafuna umboni wa ndalama, kenako visa ya ophunzira ya F-1. EducationUSA, yomwe ili pansi pa boma la America, ili ndi malo opereka uphungu m'maiko ambiri. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo otsimikizika ku koleji yotchuka, kumbukirani za 2019, pomwe kunaphulika mlandu wa Varsity Blues, mlangizi wa zolowa koleji wotchedwa Rick Singer ankalandira ndalama kwa makolo olemera nkumabera mayeso ndi kunamizira ana kuti ndi akatswiri a masewero, mpaka osewera mafilimu Felicity Huffman ndi Lori Loughlin anakalowa kundende.

Kudina submit si kumaliza. Koleji iliyonse imatumiza imelo yokupatsa potal yako, tsamba lakolako pa webusaiti yawo, ndipo mmenemo ndi momwe umaona ngati transcript yafika, kalata ya aphunzitsi yafika, malikisi afika, fomu yosakwanira siwerengedwa nkomwe ndipo ana ena amadziwa mochedwa chifukwa choti imelo inagwera mu spam. Osadikiranso 11:59 usiku wa tsiku lotsekera, intaneti imadziwa kuchita manyazi nthawi ngati imeneyo, komanso onetsetsani kuti ola lotsekeralo ndi la dera liti. Mayankho akamabwera sakhala eya kapena ayi basi. Woapulaya msanga atha kuuzidwa kuti deferred, fomu yake aionanso limodzi ndi a Januwale. Wina amaikidwa pa waitlist, kudikira ngati ena akane malo, ndipo zaka zina pamatengedwa ambiri zaka zina olo mmodzi, nde nzeru ndi kulipira dipoziti ku koleji ina yomwe yakutenga pofika pa 1 Meyi, tsiku lomwe makoleji ambiri amafuna yankho, uku ukudikira.

Olo kalata yokutenga ikhale m'manja, malowo amakhala ndi zoyenera kutsata. Sukulu imatumiza magiredi a pakati pa chaka komanso omaliza, ndipo ana ena akangotengedwa amatayirira, ulesi womwe kumeneko anaupatsa dzina loti senioritis, magiredi nkugwa mpaka koleji kulemba kalata yofunsa kuti chachitika nchani. Khalidwe nalonso amaliona, mu 2017 Harvard inalanda malo ana osachepera 10 omwe inali itawatenga kale chifukwa cha zithunzi ndi nthabwala zonyansa zomwe ankatumizirana pa gulu la Facebook, anali asanaponde nkomwe mkalasi.